Mphika wachitsulo wa agogo wachita mng'alu: kodi ungakonzeke?

Funso: "Zikomo bambo. Ndili ndi mphika wachitsulo wakalekale, wakuda wolemera uja, umene anandisiyira agogo anga. Sabata yathayi ndikuutsuka ndinaona kamng'alu kochokera pamlomo kutsika m'mbali, kutalika kwake ngati chala changa chamkombaphala. Sukudontha kwenikweni, koma ndikadzaza madzi, kunja kumaoneka kachinyezi pamzere womwewo. Alamu anga akuti ndingomata ndi guluu wa zitsulo. Mnzanga wina akuti ndipite kwa wowotcherera aliyense, mphindi zisanu zokha athana nazo. Ine ndikuopa kuuwononga. Kodi ungakonzeke, ndipo ndingadzaphikiremonso?"

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Mwachita bwino kufunsa musanaupereke m'manja mwa munthu, chifukwa miphika yambiri imene imafika kwa ine, wowotcherera zitsulo, itatheratu sinaphedwe ndi mng'alu woyambawo ayi, inaphedwa ndi kukonza kothamanga. Mng'alu umene mwafotokozawu, wochokera pamlomo n'kutsika pang'ono m'mbali, uli m'gulu la ming'alu imene imakonzeka. Sindikulonjezani kuti mphikawo udzabwerera mwakale ndendende, koma mwayi woti mudzaphikiremonso ulipo ndithu. Pakali pano musauikenso pamoto. Nthawi iliyonse imene ukutentha n'kuzizira, mng'aluwo umayenda pang'ono, ngakhale maso asaone.

Tiyambe tatsimikiza kuti mphikawo ndi wa chiyani. Tengani maginito muugunditse. Akamata, ndi chitsulo. Akapanda kumata, mwina ndi aluminiyamu amene wada ndi mwaye, ndipo zonse zimene ndinene pansipa sizikuukhudza, chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri a Celsius 660 okha ndipo amafuna njira yakeyake. Onaninso ngati m'kati mwake muli utoto wosalala wonyezimira ngati galasi, umene amati enamel. Ngati ulimo, moto wowotcherera umauthetha n'kuusiya ukugamphuka tizidutswa takuthwa tomwe tingalowe m'chakudya, ndiye mphika wotere sindiulandira n'komwe. Koma mmene mwaufotokozera, wakuda, wolemera, wakalekale, ndikukhulupirira kuti ndi cast iron weniweni, chitsulo chija amachisungunula n'kuchithira m'chikombole chamchenga.

Chachiwiri n'kuona kumene mng'aluwo wathera, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka. Pamene maso anu akuti wathera apa, nthawi zambiri umakhala utapitirira ngati katsitsi kobisika pansi pa mafuta ndi mwaye. Kwechani mbali zonse ziwiri mpaka chitsulo chioneke, muumitse bwino. Kunja pakani choko chambiri pamzerewo ndi kupitirira kumunsi kwake, m'kati pakani palafini pang'ono ndi kansalu, n'kudikira. Palafini amalowa paliponse pamene pali mpata, ndipo akatulukira kunja amadetsa chokocho, n'kujambula mng'alu wonse mpaka pothera pake penipeni. Ikani chizindikiro pamenepo. Mukatero tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo palafini wotsalira adzapsa pamene mphikawo uzidzawotchedwa pokonza. Njira ina yachidule ndi kuukoleka pachingwe n'kuugogoda pang'ono ndi mtengo. Mphika wamoyo umalira ngati belu, kulira kwake n'kumapitirira, pomwe wong'aluka umangoti phu, basi. Ndikutchula zimenezi chifukwa nthawi zina anthu amabwera ali ndi nkhawa ndi mzere umene si mng'alu konse, koma chipsera cha pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena pamene chitsulo chinalowera pothira. Wanuwu, poti ukutulutsa chinyezi, ndi mng'alu ndithu ndipo waboola mbali zonse.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikukana malangizo onse awiri amene mwapatsidwa, muyenera kuchidziwa pang'ono chitsulo chimenechi. Chitsulo chofewa chimene timapangira mageti ndi mafelemu a mawindo chimakhala ndi kaboni (chinthu chakuda chija chimene chili m'makala) wochepa kwambiri, wosafika ngakhale 0.3 peresenti. Cast iron amakhala ndi kaboni wa pakati pa 2 ndi 4 peresenti. Kaboni wochulukayo ndi amene amachititsa kuti asungunuke msanga, pa madigiri pafupifupi 1,200, n'kuyenda bwino m'chikombole, n'chifukwa chake anthu anamusankha popanga miphika. Abraham Darby wa ku England analandira chilolezo cha luso lake loumba miphika yotere mumchenga m'chaka cha 1707, ndipo kuyambira pamenepo miphika yopyapyala yotsika mtengo inafala kwambiri. Koma chitsulocho chikamazizira, kaboni wambiri uja amapatuka n'kukhala timapepala ting'onoting'ono ta graphite, chinthu chomwe chija chimalemba mu pensulo, tomwazikana m'chitsulo monse. Kapepala kalikonse ndi malo ofooka. N'chifukwa chake chitsulo chofewa mukachimenya chimapindika, pomwe cast iron sadziwa kupindika. Amapirira kulemera, amasunga kutentha, koma akakokedwa mopitirira amangothyoka.

Tsono chimene chimamukoka kawirikawiri ndi kutentha kosafanana. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimakhwinyata. Mukathira madzi ozizira mumphika umene wangochoka pamoto, m'kati mumakhwinyata mwadzidzidzi kunja kukadali kofutukuka, ndipo kukokanako kumang'amba. Chimodzimodzi mukauika wopanda kanthu pamoto waukulu umene ukuwomba malo amodzi, pansi n'kufiira m'mbali mukadali mozizira. Mng'alu wochokera pamlomo ngati wanuwu umabweranso ndi kugwa kapena kugundidwa, mwina zaka zambiri zapitazo, n'kukhala wobisika mpaka lero. Kumenya chipande chachitsulo pamlomo pa mphika tsiku ndi tsiku nakonso kumathandizira. Dzimbiri nalo likadya malo amodzi kwa nthawi yaitali limapyapyalitsa khoma, mng'alu n'kuyambira pomwepo. Musadziimbe mlandu, mayi. Mphika umene waphikira mibadwo itatu wakumana ndi zambiri inu musanaulandire.

Malo a mng'alu ndiwo amagamula nkhani yonse. Wa pamlomo, waufupi, umene uli pamwamba pa pomwe chakudya chimalekeza, ndi wosavuta, chifukwa mbali imodzi ndi yotseguka ndipo chitsulo chili ndi kothawira chikamafutukuka. Wa m'mbali wotsika mpaka pakati ndi wovutirapo. Wa pansi, pomwe moto umawomba, ndi woipitsitsa, makamaka ukadutsa pakati kapena ukagawika nthambi ngati phazi la nkhuku. Pamenepo chitsulo n'chomangika mbali zonse, chapsa kwa zaka zambiri, ndipo chilichonse chimene mungaikepo chizikokedwa nthawi iliyonse mukasonkha moto. Mng'alu wa pafupi ndi khutu lokolekapo chogwirira nawonso ndimauopa mwapadera, osati chifukwa ndi wovuta kuwotcherera, koma chifukwa ukalephera umalephera munthu atanyamula mphika wodzaza ndi zowira.

Za guluu wa alamu anu, yankho ndi ayi. Guluu wosakaniza mitundu iwiri uja, wa epoxy, ndi wabwino pa zinthu zozizira, ndipo ine ndimamugwiritsa ntchito pa zina. Koma ngakhale amene amalembedwa kuti amapirira kutentha amayamba kufooka pa madigiri 200 mpaka 300, pomwe lawi la nkhuni kapena la gasi limapitirira pamenepo kutali. Akapsa amatulutsa utsi ndi zinthu zomwe simungafune kuti ana anu adye. Komanso guluu sagwirizanitsa chitsulo, amangophimba, mng'alu n'kumapitirira pansi pake. Choipa china n'chakuti akalowa mumng'alu amavutitsa wowotcherera amene adzayese kukonza pambuyo pake. Ngati mwaganiza zoti mphikawo upume pantchito, muziikamo maluwa kapena ungokhala chikumbutso, matani ndi guluuyo kunja, palibe vuto. Koma wophikira ayi. Choopsa kuposa guluu ndi mtovu, chitsulo chofewa cholemera chija amati lead. Alipo okonza ziwiya amene amamata ming'alu ndi mtovu kapena ndi waya wofewa womatira zamagetsi uja amati solder, umene nthawi zambiri umakhala wosakaniza ndi mtovu. Waya wotere umasungunuka pa madigiri osafika 200, mtovu weniweni pa 327, ndiye umasungunukira m'chakudya momwemo. Mtovu ndi poizoni amene amaunjikana m'thupi mwakachetechete, amawononga ubongo wa ana ndiponso amavulaza mwana wosabadwa. Munthu akangotchula mtovu, nyamulani mphika wanu muzipita.

Tsopano za wowotcherera wa mphindi zisanu. Ndikudziwa zimene zimachitika chifukwa zotsatira zake ndimaziona. Amatenga rodi (ndodo yowotcherera ndi magetsi) wamba wa mageti, wa 6013 uja, n'kuyendetsa mzere umodzi wautali pamng'alu, pamphika wozizira wodzaza mafuta. Pamene rodi wadutsa, chitsulo chimasungunuka, koma mphika wonse wozizira uja umayamwa kutenthako m'kanthawi kochepa. Cast iron akazizira mothamanga chotero, kaboni sapeza nthawi yopatukanso, ndipo m'mphepete mwa chowotchereracho mumapangika chitsulo choyera, cholimba moti fayilo imangoterereka, chosachedwa kusweka ngati galasi. Nayenso rodi wamba uja amayamwa kaboni n'kuuma gwaa. Kenako mzere wonse umakhwinyata, n'kukoka mbali ziwiri zomwe sizingapindike. Mumangomva kuti the, mng'alu watsopano watseguka pambali pa wakale, mwina muli pomwepo, mwina tsiku loyamba kuuika pamoto. Amene sadziwa amawonjezera mzere wina pamwamba, n'kung'ambanso pena, mpaka mphika wonse utatha.

Kukonza koyenera kumayamba ndi kuyeretsa, ndipo pamphika wakale ntchito yaikulu ili pamenepa. Timapepala ta graphite tija timamwa mafuta kwa zaka zonse zimene mphikawo wakhala ukuphikidwira. Mafutawo akatsalira amawira pansi pa moto wowotcherera n'kusiya timaenje ngati chisa cha njuchi. Ndiye timawotcha malo ozungulira mng'alu pang'onopang'ono ndi lawi mpaka utsi utaleka, n'kukwecha ndi bulashi yawaya, nthawi zina kubwereza kangapo. Mankhwala otsukira mabuleki a galimoto, makamaka okhala ndi chlorine, asayandikire n'komwe, chifukwa akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosgene.

Kenako timaboola kabowo kakang'ono, ka mamilimita 3 kapena 4, pothera penipeni pa mng'alu, pamene choko chinasonyeza paja, kapena kupitirira pang'ono. Nsonga ya mng'alu ndi yakuthwa, ndipo mphamvu yonse yokoka imasonkhana pansongapo. Bowo lozungulira limamwaza mphamvuyo, mng'alu n'kusowa poyambira ulendo. Poboolapo mudzaonanso umboni wa chitsulo chanu: cast iron amatulutsa fumbi lotuwa lodetsa zala, osati tizingwe topotana ngati chitsulo chofewa. Tikatero timasema kangalande kooneka ngati V motsatira mng'alu wonse, kuti chowotchereracho chilowe m'kati m'malo mongokhala pamwamba. Khoma la mphika nthawi zambiri limakhala la mamilimita ochepa chabe, atatu mpaka asanu, ndiye dzanja liyenera kupepuka, apo ayi mumaboola. Galayindala imapaka graphite pamwamba pa ngalandeyo, choncho ndi bwino kumalizira ndi fayilo kapena kupitanso ndi lawi kuti payere.

Rodi woyenera ndi wa nickel, chitsulo chamtundu wina choyera ngati siliva. Alipo a mitundu iwiri yodziwika: wa nickel pafupifupi yekhayekha, wa 99 peresenti, amene pabokosi amalembedwa ENi-CI, ndi wosakaniza ndi chitsulo, wa nickel pafupifupi 55 peresenti, wolembedwa ENiFe-CI. Ubwino wa nickel ndi woti sagwirizana ndi kaboni n'kuuma monga chimachitira chitsulo wamba. Amakhala wofewa, amalola kukokeka pang'ono, ndiye mphamvu ija imathera mwa iye m'malo mong'amba mphika. Pakhoma lopyapyala ine ndimakonda wa 99, waung'ono wa mamilimita 2.5, pamoto wotsika. Marodi amenewa ndi okwera mtengo kuposa wamba maulendo angapo, n'chifukwa chake owotcherera ambiri sawasunga.

Pali njira ziwiri zoyendetsera kutentha, ndipo munthu ayenera kusankha imodzi n'kukhala nayo mpaka kumapeto. Yoyamba ndi yotenthetsa. Mphika wonse, osati pamng'alu pokha, umatenthetsedwa pang'onopang'ono mpaka madigiri a pakati pa 260 ndi 650, pamakala kapena mu uvuni, osapitirira 760 chifukwa pamenepo chitsulo chimayamba kusintha m'kati. Umawotchereredwa ukadali wotentha choncho, ndipo ukatha umakwiriridwa nthawi yomweyo mumchenga wouma wotentha kapena m'phulusa, n'kusiyidwa usiku wonse, mwinanso tsiku lathunthu, mpaka utazizira wokha. Osautulutsa kuti muone, osauika pasimenti yozizira, osaupepesa mphepo. Pamphika, poti ndi chinthu chaching'ono chotheka kutenthetsa chonse, iyi ndi njira imene ndimaikhulupirira kwambiri.

Yachiwiri ndi yozizira, ndipo imafuna mtima wautali. Mphika umangofunditsidwa pang'ono, kenako mumawotcherera kachidutswa ka masentimita awiri kapena awiri ndi theka, n'kuima. Kakadali kotentha mumakagogoda mopepuka ndi kanyundo kozungulira nsonga, kugogoda kochuluka koma kofewa, kuti nickel atambasuke n'kubweza kukhwinyata kuja. Mukatero mumadikira mpaka mutatha kugwira pafupi ndi dzanja lopanda kanthu, n'kuikanso kachidutswa kena, kuyambira kubowo kuja kulowera kumlomo kumene kuli kotseguka. Mng'alu wotalika ngati chala ungatenge ola lathunthu kapena kuposa, nthawi yambiri munthu atangokhala n'kumadikira. Ndikamaphunzitsa anyamata, chimene chimawavuta si kugwira rodi ayi, koma kudikirako. Ambiri amafuna kumaliza, ndipo cast iron sakhululukira wothamanga.

Mwina mukudzifunsa ngati nickel ndi wabwino kukhudzana ndi chakudya. Ziwiya zambiri za stainless steel zimene anthu amaphikira tsiku ndi tsiku zimakhala ndi nickel wa 8 mpaka 10 peresenti, ndipo kamzere kakang'ono ka pamlomo kokutidwa ndi mafuta opsereza sikandidetsa nkhawa kwa anthu ambiri. Komabe marodi amenewa sanapangidwire ziwiya zakukhitchini, ndipo alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi nickel, aja amatuluka zidzolo akavala ndolo kapena wotchi yachitsulo. Ngati m'nyumba mwanu muli wotere, wotchererani kunja kokha ngati kungatheke, pewani kuphikiramo zowawasa kwa nthawi yaitali, ndipo ngati vuto lake ndi lalikulu, afunse dokotala wake kaye.

Njira ina imene ndimailemekeza ndi yomata ndi mkuwa pogwiritsa ntchito lawi la gasi, imene timati brazing. Apa cast iron sasungunuka konse. Amangofiira, ndodo ya mkuwa wosakaniza n'kusungunuka pa madigiri pafupifupi 900, kuyenderera m'ngalande muja mothandizidwa ndi ufa wa borax. Poti mphikawo sunasungunuke, chitsulo choyera chosweka chija sichipangika kwenikweni, ndipo mkuwa ndi wofewa, umalola kukokeka. Kwa mmisiri wodziwa lawi, ngozi yong'amba mphika imachepa. Zovuta zake ndi izi. Pamatsala mzere wachikasu umene sudzada bwino ngati mbali zina. Pansi pa mphika, pamene moto umawomba mwamphamvu, mkuwa umafooka, makamaka mphika ukauma madzi uli pamoto. Ndipo mkuwa ukakhala nthawi ndi zakudya zowawasa kapena zamchere wambiri umasungunukiramo pang'ono, n'kuchita dzimbiri lobiriwira lomwe ndi loipa m'mimba. Choopsa kwambiri n'choti ndodo zina, makamaka zakale zasiliva, zimakhala ndi chitsulo chapoizoni chotchedwa cadmium, ndipo zina zamkuwa zimakhala ndi mtovu. Ngati mmisiri sangakuonetseni bokosi la ndodo zake kuti muwerenge zimene zilimo, musalole kuti zikhudze m'kati mwa mphika wophikira.

Ilipo njira yachitatu ya moto, yowotcherera ndi lawi la gasi pogwiritsa ntchito ndodo ya cast iron yemweyo. Ikachitika bwino ndiyo yokongola kuposa zonse, chifukwa mtundu umafanana, kufutukuka kumafanana, ndipo m'mphika simulowa chitsulo chachilendo. Koma imafuna kuti mphika wonse ukhale wofiira pang'ono nthawi yonse ya ntchito, ndipo amisiri oidziwa akucheperachepera. Mukamupeza mmodzi, mugwireni. Ku China amisiri oyendayenda ankamata miphika yawo yopyapyala ndi timadontho ta cast iron wosungunula, kukanikiza kadontho kalikonse mbali zonse ziwiri mpaka bowo litatsekeka, ndiye nzeru yokonza chitsulo ndi chitsulo chinzake ndi yakale ndithu.

Zosoka ndi tizikhomo popanda moto, zimene amachita pa mainjini ong'aluka, zimafuna khoma lochindikala, ndipo pamphika sizigwira. Chigamba chachitsulo chokhomerera ndi marivet chimagwira pamlomo, koma pansi pake pamabisala zakudya ndi dzimbiri, ndiye ndimachiona ngati njira yomaliza.

Palinso njira imene anthu saiyembekezera kwa wowotcherera, yomwe ndi kusawotcherera konse. Ngati mng'alu ndi waufupi, wosatseguka, ndipo uli pamwamba pa pomwe mumalekeza chakudya, mutha kungoboola kabowo koimitsa kaja n'kumaphikira mphikawo osaudzaza. Kamng'alu kopyapyala nthawi zina kamatsekeka kokha ndi mafuta opsereza. Kutsekeka kumeneku kumaletsa kudontha kokha, sikubwezera mphamvu, ndiye muziuyang'ana kawirikawiri. Komanso ngati mphikawo ndi wakale kwambiri moti osonkhanitsa zinthu zamakedzana angaufune, dziwani kuti kuwotcherera kumatsitsa mtengo wake, ndipo ndi bwino kuti wodziwa zinthu zotere auone musanaukhudze.

Kwa inu, poti mng'alu ndi wotalika ngati chala ndipo ukutulutsa chinyezi, ine ndingauwotcherere ndi nickel, mphika wonse utatenthetsedwa, kuchokera kunja, m'kati n'kungosalaza. Pofunafuna mmisiri, pitani kwa amene amakonza mainjini, mapampu kapena zitsulo zamakina, chifukwa iwo amakumana ndi cast iron kawirikawiri kusiyana ndi opanga mageti. Mufunseni rodi amene agwiritse ntchito, mufunseni ngati aboole pothera mng'alu, mufunseni mmene auziziritsire. Akakuyankhani kuti rodi ndi rodi, kapena kuti mudikire pomwepo mutenge, thokozani mubwerere nawo. Akakuuzani kuti mubwere mawa kapena mkuja, n'kuwonjezera kuti sangalonjeze kuti sung'aluka, ameneyo ndiye akudziwa chimene akuchita. Ngakhale m'manja abwino, miphika ina yopsa kwambiri imakana, nickel n'kumangogubuduzika osamata chifukwa chitsulo chinatha kale mphamvu. Muvomereze ngoziyo musanaupereke. Ndipo ngati simunagwirepo makina owotcherera, mphika wa agogo si pophunzirira. Kuwala kwake kumawotcha maso, utsi wa nickel ndi wa mkuwa ndi woipa kuupuma, ndipo mwayi wokonza bwino umakhala umodzi.

Ukabwera kokonzedwa, musathamangire kuphika. Bwerezani choko ndi palafini, kapena dzazani madzi muusiye usiku wonse pamalo ouma kuti muone ngati pali chinyezi. Ukapambana, tsukani bwino ndi sopo, wiritsanimo madzi pamoto wochepa n'kuwataya, kawiri kapena katatu. Moto wokonzera uja udzakhala utapsereza mafuta onse akale amene ankauteteza, ndiye udzaoneka wotuwa ndipo udzachita dzimbiri msanga mukauchedwetsa. Umitsani pamoto wochepa, pakani mafuta ophikira ochepa kwambiri m'kati ndi kunja, pukutani mpaka uoneke ngati mulibe, n'kuutenthetsa kwa ola limodzi pa madigiri 200 mpaka 230 ngati muli ndi uvuni, kapena pamakala ofatsa mpaka utsi utaleka. Usiyeni uzizire wokha, n'kubwereza katatu kapena kanayi. Mafuta ambiri amasiya zomata, ochepa ndiwo amauma n'kukhala khungu lakuda lolimba. Pamzere wa nickel padzachedwerapo kuda, musadabwe.

Kuyambira pamenepo muziusamala ngati wochira kumene. Moto uziyamba pang'ono n'kumakula, musamauike wopanda kanthu pamoto waukulu, musamathire madzi ozizira ukadali wotentha, ndipo pounyamula muzigwira mbali zonse ziwiri. Chimodzi chokha ndikuletsani kotheratu: musadzakazingiremo zinthu m'mafuta ambiri. Mafuta otere amafika madigiri 180, ndipo mphika wokonzedwa ukatseguka uli pamoto, mafuta amathira pamalawi, moto n'kubuka, munthu n'kupsa koopsa. Zowiritsa ndi zophika pang'onopang'ono ndizo ntchito yake tsopano.

Pomaliza pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera ndi mphika wakale, ngakhale wopanda mng'alu: kodi wakhala ukuphikira chakudya chokha moyo wake wonse? Miphika yachitsulo anthu ena ankasungunuliramo mtovu wa mabatire kapena wa zolemetsera maukonde, ena ankasungiramo mankhwala ndi oyilo. Wanuwu mukuudziwa mbiri yake, ndiye mwina nkhawa palibe. Koma ngati unakhalapo zaka m'manja mwa ena, kapena mukaona zotsalira zotuwa zonyezimira zofewa zomwe zimakandika ndi mpeni, kapena chigamba chakale chooneka ngati mtovu, lekani kuphikiramo mpaka utayezedwa. Tizipangizo toyezera mtovu tilipo, ngakhale kuti sitigwira zonse, ndipo mphika umene unasungunulirapo mtovu sutsukika mokwanira. Ngati banja lakhala likudyera mumphika wotere, makamaka ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, pitani kuchipatala mukafotokoze kuti akaone ngati m'pofunika kuyeza magazi.